Sabata ya ku London, kukaona ofesi imene ndimaigwirira ntchito usiku ndili ku Lilongwe

Lamulungu

Ndafika abale. Tinanyamuka pa KIA dzulo masana, tinatsika ku Addis Ababa kudikira ndege ya usiku, m'mawa uno ndi pamene tatera pa Heathrow. Ndakwera sitima ya pansi ya Piccadilly mpaka King's Cross komwe kuli hotelo, kunja kuzizira kolowa m'mafupa ndipo 4 koloko madzulo kunali kutada kale.

Ambiri mumandifunsa kuti kodi iwe ntchito yako ndi yotani yongoonera mpira usiku onse nkumalandira ndalama, ndiye poti tulo sitikubwera ndifotokoze. Kampani yathu imagulitsa deta ya mpira kwa matimu, kwa a TV ndi kwa makampani a betting. Ine ndi anzanga timakhala pa kompyuta vidiyo ya gemu ikuyenda ife tikudina kiyibodi, pasi iyi wamenya ndani, ndi mwendo uti, yachokera pati yathera pati, walanda mpira ndani, shoti yalowera kuti. Gemu imodzi imatulutsa zochitika pakati pa 1,500 ndi 3,000 kapena kuposa apo, kutengera kuti kampaniyo imalemba mozama bwanji. Manambala mumaona pa TV pa half time aja, possession, ma pasi olondola, ambiri mwa iwo pali munthu amene wadina batani ndipo nthawi zambiri munthuyo ali kutali kwambiri ndi sitediyamu, mwina ku India, mwina ku Egypt, mwina ngati ineyo ku Area 25 laputopu ili pa invata.

Chaka chino aitana ena mwa ife akunja kudzakhala nawo pa msonkhano wa pachaka wa kampani. Anthu amene ndimalankhula nawo tsiku ndi tsiku ndimangowadziwa mawu ndi katithunzi kakang'ono ka pa sikirini basi. Mawa ndikawaona maso ndi maso.

Lolemba

Ofesi ili kufupi ndi Old Street, dera limene muli makampani ambiri a zamakompyuta. Kulowa mkati, ma TV mbwee pa khoma lililonse, ina ikuonetsa ligi ya ku Japan ina magemu a dzulo, anthu avala majuzi ndi masikipa a matimu awo, tayi sindinaone ngakhale imodzi. Bwana wamkulu wa kampani yonse alibe ofesi yakeyake, amakhala pa desiki yofanana ndi ya wina aliyense pafupi ndi kitchini, ndipo kamnyamata kamene kangoyamba kumene ntchito kanamuitana ndi dzina lake loyamba nkumuuza kuti maganizo ake pa nkhani inayake sakumveka. Bwanayo anangoti chabwino ndifotokozenso. Ine mtima unagunda ndithu, kwathu ofesi zina mawu amenewo ndiye kuti mawa lake usabwerenso.

Zimenezi ndazikonda ndipo ndisabise. 10 koloko m'mawa timu iliyonse imaimirira pamodzi kwa mphindi zochepa, aliyense kunena chimene akuchita lero ndi chimene chikumutchinga, basi abalalika, palibe zokhala maola atatu kumvera munthu m'modzi. Khofi, zipatso, buledi zonse zaulere. Mayi wina ananyamuka 3 koloko kuti akukatenga mwana ku sukulu, sanapemphe chilolezo kwa aliyense, anangolemba pa Slack, pulogalamu yotumizirana mauthenga pa ntchito, nkutenga chikwama.

Manijala wanga ndakumana naye lero. Ndi wamng'ono kwa ine, mayi wamfupi wolankhula mofulumira, anandikumbatira ngati m'bale wake ndipo anakumbukira kuti mwana wanga analemba mayeso a sitandade 8 chaka chino, nkundifunsa kuti zinayenda bwanji. Ameneyu ndi munthu wabwino, ndakhala ndikudziwa kale.

Koma pali kanthu kamene kandikhala pamtima. Pa reception andipatsa chiphaso cha mlendo, chingwe chake chofiira, pomwe anzanga a muno zawo ndi zabuluu zotsegula zitseko zonse. Ine kupita kuchimbudzi mpaka wina andiperekeze kukanditsegulira chitseko pobwerera. Mtsikana wa pa reception sanalakwe, anafufuza dzina langa mu kompyuta nkupeza kuti mu ndandanda wa ogwira ntchito mulibe, ndili mu ndandanda wa ma contractor. Mwachidule ndife aganyu, ngakhale ndagwira kuno nthawi yaitali kuposa ena ovala chabuluuwo. Mnzanga wochokera ku Chennai nayenso chofiira, wa ku Sofia chofiiranso, tinangoyang'anana.

Lachiwiri

Lero anatitengera kwa ma injiniya, ndipo apa ndiye ndaphunzira zinthu. Anatiwonetsa kavesiti kakuda kaja osewera amavala mkati mwa jezi, kumsana pakati pa mapewa kuli kathumba kolowetsa kachipangizo ka GPS kotha kubisika m'manja. Kamawerenga mtunda umene wosewera wathamanga, liwiro lake, kangati wathamanga mwamphamvu kangati waima mwadzidzidzi, ndiye kochi akaona kuti munthu wapyola muyezo wake sabata imeneyo amamupumitsa asanang'ambe mnofu. Kuyambira 2015 malamulo a mpira amalola kuvala zimenezi ngakhale mu gemu yeniyeni. Anatikumbutsanso za World Cup ya 2022 ku Qatar, kuti mkati mwa mpira uja munali kachipangizo kotumiza uthenga ka 500 pa sekondi, ndipo makamera 12 a pansi pa denga ankatsata malo 29 a thupi la wosewera aliyense ka 50 pa sekondi, ofusayidi nkumaoneka ngakhale ya bondo lokha.

Kenako injiniya wina watsitsi lalitali anatsegula kompyuta yake nkutionetsa pulogalamu imene ikuphunzira kuzindikira yokha pasi ndi shoti pa vidiyo. Ndinamufunsa kuti imaphunzira kwa ndani. Anati kwa inu, gemu iliyonse imene munalembapo ndi imene timaiphunzitsira, popanda inu palibe chimene ingadziwe. Ananena mosangalala ndipo anatithokoza ndi mtima onse, koma m'chipindamo munangoti zii chifukwa tonse tinamva mbali inayo ya nkhani. Wa ku Sofia anafunsa mosapita m'mbali kuti ikadzamaliza kuphunzira ife tidzakhala kuti. Injiniyayo anati pa magemu a kamera imodzi, mvula ikugwa, manambala a pa jezi osaoneka, makina amasokonezekabe kwambiri ndiye anthu adzafunikabe kuti azikonza, koma funso la kuti anthu angati si iye angayankhe.

Masana ndi pamene ndinaona chimene sindinachionepo. Pali sikirini imene mamanijala amationerapo ife. Dzina lililonse lili ndi manambala ake, walondola kangati pa 100, gemu amaimaliza mphindi zingati, wachedwa kangati, ena obiriwira ena achikasu ena ofiira. Zili ngati fodya pa okushoni, wogula amangoyang'ana tsamba nkuika giredi osadziwa kuti chaka chimenecho mvula inadula liti. Ndinapeza dzina langa, ndi lobiriwira koma pali masabata awiri ofiira mwezi wa October. Ndikuwakumbuka bwinobwino masabata amenewo, magetsi ankazima usiku onse, batire ya invata inali itatopa, netiweki nayo ikuduladula, ndinkathamanga ndi laputopu kwa mlamu wanga ku Area 47 pakati pa usiku kuti gemu ithe. Pa sikirini paja palibe malo olembapo zimenezo. Ndipo manambala omwewa ndi amene amagwiritsa ntchito pogawa magemu, ukafiira magemu amachepa, magemu akachepa ndalama zachepa poti timalipidwa pa gemu.

Lachitatu

Msonkhano waukulu unali lero, holo yodzaza, ena akuonera pa vidiyo ali m'maiko mwawo. Bwana wamkulu analankhula bwino kwambiri, za makasitomala atsopano, za maligi amene tawonjezera, ndipo mobwerezabwereza ankati pano ndife banja limodzi. Mafunso amatumiza pa foni popanda dzina ndipo limene anthu ambiri alivotera limakwera pamwamba, njira yabwino zedi iyi chifukwa wamantha nayenso amafunsa. Koma ine ndinaona kuti langa ndifunse ndi pakamwa, ndayenda ulendo wautali kuti ndizibisalanso. Ndinaimika dzanja, anandipatsa maiki, ndinati zikomo bwana chifukwa chotiitana, ine funso langa ndi lakuti m'banja limeneli ife olemba magemu amene tili kunja tili mbali iti, popeza tikadwala sitilandira kanthu, livu tilibe, ndipo malamulo a kalembedwe akasintha timangodzuka nkupeza asintha popanda wotifunsa. Mawu ankanjenjemera koma ndinamaliza.

Anthu anawomba m'manja, makamaka a muno momwemo, chimene sindinayembekezere. Bwanayo sanakwiye. Anati funso ndi loona, nkhani ya makontilakiti ndi yovuta chifukwa dziko lililonse lili ndi malamulo ake a ntchito ndi misonkho ndipo kampani ilibe ofesi yolembetsedwa m'maiko athu, akuiganizira. Pa za kusintha malamulo osatifunsa anavomera kuti pamenepo sakuchita bwino. Tsiku kapena mwezi umene adzayankhe sanatchule.

Madzulo tinapita kukadya ndi ena a mu ofesi ndipo apa ndi pamene ndinadziwa kuti chingwe chabuluu nachonso chili ndi zake. Mnyamata wina wolemba mapulogalamu anati anzake amene anaphunzira nawo ali ku mabanki akulandira zoposa iye kutali, koma ukapempha kuti akukwezere amakukumbutsa kuti uli ndi mwayi ukugwira ntchito ya mpira, pakhomo pali anthu mazana akuifuna. Mayi wina wa timu yoyang'anira magemu a live anati iye Loweruka ndi Lamulungu sakuwadziwa, Boxing Day anzake ali ndi mabanja iye ali pa shifiti chifukwa ku England tsiku limenelo ndi la mpira wokhawokha, maukwati a anzake ambiri anawaphonya. Wina anati chaka chino chokha mamanijala amusinthira mobwereza, aliyense kubwera ndi zolinga zake, ukangozolowera uyu wachoka. Ndipo onse amakumbuka m'mawa wina pamene anthu anaitanidwa pa vidiyo mphindi khumi nkuuzidwa kuti ntchito yatha chifukwa eni ndalama akufuna phindu lionekere, pofika masana maakaunti awo anali atatsekedwa, ngakhale kutsanzika sanatsanzike. Kuyambira pamenepo akamva mawu akuti banja amangoyang'ana pansi.

Komabe nditawafunsa kuti nanga bwanji osachoka, onse anayankha zofanana, kuti anzawo a pa desiki ndi anthu abwino ndipo palibe chokoma ngati kuona nambala imene wapanga iwe ikutchulidwa pa TV. Ine ndinawamvetsa chifukwa inenso ndi momwemo.

Lachinayi

Lero ndi tsiku limene landisangalatsa kuposa onse. Manijala wanga anabwera m'mawa nkunena kuti dzulo sanagone ndi funso lija, ndiye akufuna ndimuphunzitse kulemba gemu, iye pa kiyibodi ine kumbali. Wakhala akutiyang'anira nthawi yonseyi koma anachokera mbali ya zamalonda, sanalembepo ngakhale hafu imodzi. Ndinamusankhira gemu ya kamera imodzi, dzuwa likuwomba mu lenzi, timu ina jezi zoyera manambala achikasu. Mphindi 15 za gemu zinamutengera pafupifupi ola lathunthu, akubweza vidiyo, akufunsa kuti uyu ndi nambala 6 kapena 8, kodi iyi ndi pasi kapena wangochotsa mpira. Atamaliza anavula mahedifoni, m'maso muli gwaa, nkufunsa kuti inu mumachita izi magemu awiri usiku umodzi? Ndinati eya, nthawi zina magetsi kulibe.

Tinakhala pansi nkulemba zinthu. Chimene iye angathe payekha wachita pompo, waika malo pa sikirini ija oti munthu azilembapo chifukwa chimene wachedwera, ndipo sabata ya vuto la magetsi kapena matenda isamawerengedwe pogawa magemu. Magemu a vidiyo yoipa azipatsidwa nthawi yochulukirapo. Lamulo la kalembedwe lisanasinthe azitenga awiri mwa ife kuti tiliyese kaye. Watumiza imelo kwa timu yonse ine ndikuona, si zapakamwa.

Chimene sangathe ananenanso poyera, ndipo anandiperekeza kwa a HR. Mayi wa kumeneko anandifotokozera kuti wolembedwa ntchito ku Britain lamulo limamupatsa masabata 5.6 a livu yolipidwa pachaka, ndiye kuti masiku 28 kwa wogwira masiku asanu pa sabata. Ndinamuuza kuti kwathunso Employment Act ya 2000 imapereka masiku 15 kwa wogwira masiku asanu ndi 18 kwa wogwira asanu ndi limodzi, ndiye ife tagwera pakati, la kuno silitikhudza la kwathunso silitikhudza chifukwa pa pepala ndife odzilemba tokha, chikhalirecho shifiti amatipatsa ndi iwo, malamulo ndi awo, giredi amaika ndi iwo. Analemba zonse mu kabuku kake ndipo anati akazipereka pamwamba. Ndinamupempha kuti ngakhale kontilakiti isasinthe lero, ayambe ndi masiku ochepa olipidwa munthu akadwala kapena kukagwa maliro, ndinamufotokozera kuti kwathu maliro si a tsiku limodzi ndipo sungakane kupita. Apa anamvetsera kwambiri.

Lachisanu

Lero ofesi inali piringupiringu kukonzekera magemu a weekend. Ndinakhala ndi bambo wina wachikulire amene wakhala mu ntchito imeneyi kuyambira nthawi ya matepi a vidiyo, anandiuza za Charles Reep, akauntanti wa asilikali a ndege amene mu 1950 anayamba kulemba pasi iliyonse mu kabuku akuonera Swindon Town, magemu a usiku ankavala chipewa cha mu mgodi chokhala ndi tochi kuti aziona polemba. Anati ntchito yathu inayambira pa munthu ameneyo, wokhala pa benchi ndi pensulo.

Timu ya mu ofesi yoona za mpira wa amayi inandiitana itamva kuti ndine wa ku Malawi. Anatsegula manambala a Temwa Chawinga a 2024 ku Kansas City Current, zigoli 20 mu ligi, rekodi ya NWSL, ligi ya amayi ya ku America, nkumandifunsa kuti kwanuko aliponso angati otere. Ndinawauza za Tabitha mkulu wake, amamudziwa kale. Wina anaikanso chigoli cha Gabadinho Mhango chogoletsa Morocco ku AFCON mu January 2022, kuti pa mawerengedwe awo a xG, oyeza mwayi woti shoti ikhale chigoli, shoti ya kutali chonchija mwayi wake wolowa ndi wochepetsetsa, pomwe penate amaiika pafupifupi 0.76. Tinachionera mobwereza, ine misozi ili m'maso. Kenako ndinafufuza Bullets, Noma ndi Silver mu makina athu, za magemu a mu ligi ya kwathu mulibe kanthu kolembedwa mozama. Zinandiwawa kwambiri.

Loweruka

Mayi wa magemu a live uja anasinthana shifiti ndi mnzake kuti andiperekeze ku mpira. Tinakwera Central line mpaka Leyton, ku Brisbane Road kwawo kwa Leyton Orient, sitediyamu yaing'ono ya anthu pafupifupi 9,000 imene m'makona ake anamangamo nyumba zogona, anthu akuonera gemu ali pakhonde pawo kapu ya tiyi m'manja. Harry Kane anasewerapo pano pa loni mu 2011 asanatchuke. Gemu inayamba 3 koloko, nthawi imene ku England mpira wa Loweruka saonetsa live pa TV, cholinga anthu azipita ku masitediyamu ang'onoang'ono ngati amenewa.

Mphindi zoyamba zala zanga zinkangodina pa bondo zokha, pasi, pasi, kulanda. Mnzangayo anandigwira dzanja nkuti lero tingoonera, iyenso ndi nthawi yaitali asanakhale pa mpando wa sapota. Pa kamera munthu suona mmene wosewera amapumira akathamanga kubwerera kumbuyo, kapena mmene amakalipirana, kapena uja wopanda mpira amene wakokera adani awiri kumbali kuti mnzake apeze mpata, ife timangolemba wa mpira yekha.

Osewera akusinthana jezi pomaliza tinaona mavesiti akuda aja, ndipo mnzangayo anandiuza za Project Red Card, gulu la osewera mazana ambiri motsogozedwa ndi Russell Slade, amene anakhalapo kochi wa Orient yomweyi, limene kuyambira 2020 likufunsa kuti bwanji makampani akugulitsa manambala a matupi ndi ntchito yawo iwo osafunsidwa kapena kulandirapo kanthu. Ambiri mwa iwo ndi a maligi apansi ngati awa, amene mpira ukatha pa zaka 33 alibe chosungira. Ine ndili mbali yawo ngakhale buledi wanga amachokera ku makampani omwewo, funso lawo ndi langa lija la Lachitatu sizikusiyana kwenikweni.

Lamulungu

Ndili pa Heathrow kudikira ya ku Addis. Wa ku Chennai ndi wa ku Sofia tapanga gulu la WhatsApp ndipo tagwirizana kuti tilowetsemo olemba magemu onse amene tikuwadziwa, kumapeto kwa January tilembe kalata imodzi yokumbutsa a HR za masiku a matenda ndi maliro, aliyense asayinepo dzina lake. Manijala wanga tamuuza, wati kalatayo ikabwera adzaitengera yekha pamwamba.

China ndi ichi, ndinamufunsa za ligi ya kwathu ndipo wati ngati ndingapeze mavidiyo abwino andilola kugwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani kulemba magemu angapo oyesera pa nthawi yanga, kenako aonetse kwa anthu awo amene amalankhula ndi ma scout, ofufuza osewera aluso. Ndiye abale amene mumajambula magemu pa Bingu, pa Kamuzu Stadium kapena ku Mzuzu ndithandizeni. Ikufunika gemu yonse mphindi 90 yosadula, kamera ikhale pamwamba pakatikati pa bwalo osati kumbuyo kwa golo, musamakokere pafupi kwambiri kuti osewera ambiri azioneka, ndipo mundipatsenso mndandanda wa maina ndi manambala a jezi a matimu onse awiri. Ndikafika Lolemba masana, Lachiwiri usiku ndili pa shifiti, kuyambira Lachitatu ndipezeka.